Kodi Tolkien anakweradi phiri la Mulanje?

Gaidi wa pa Likhubula: Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni kankhani aka. Lero ndimatsika ndi alendo awiri, ndiye tikupuma pa Dziwe la Nkhalamba ndinawauza zomwe timauza aliyense, zoti Tolkien, mzungu wolemba nthano za tianthu tatifupi uja, anakwera phiri lathuli ndipo dzina loti Shire la m'mabuku mwake analitenga ku mtsinje wathu. Mmodzi mwa alendowo, mayi wachikulire ndithu, anangoseka n'kunena kuti limenelo ndi bodza. Manyazi ake sindingafotokoze. Zaka 9 ndakhala ndikuiyimba nyimbo imeneyi. Alipo akudziwa zoona zake?

Wakabaza wa pa Limbuli: Aise usatekeseke, anakwera ameneyo. Ine ndinamva kuti anagona pa Chambe. Mayiyo ndi nsanje chabe.

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Mwana wanga, mayiyo sanalakwe. Tolkien anabadwira ku Bloemfontein, ku South Africa, mu 1892, n'kuchokako ali ndi zaka 3 kupita ku England. Palibe kalata, chithunzi kapena buku la alendo losonyeza kuti anapondapo ku Nyasaland. Liwu loti shire kwawoko ndi lachingerezi chakalekale, limatanthauza boma, monga momwe timanenera kuti boma la Mulanje, ndipo iwo amalitchula kuti "shaya". Changofanana ndi kalembedwe basi.

Gaidi wa pa Likhubula: Aphunzitsi mwandiphera bizinesi kkkk. Nkhani imeneyi ndi imene ndimatulutsa pokwera Chapaluka anthu akayamba kupuma mwawefuwefu. Nanga ndiziwauza chiyani tsopano?

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Alipotu wolemba mabuku amene anakweradi, umboni wake ulipo. Laurens van der Post, mu 1949, anatumidwa ndi boma la Britain kudzayendera phirili ndi la Nyika. Anayenda ndi mnyamata woyang'anira nkhalango, Fred France, yemwe ankakhala pa Chambe ndi mkazi wake ndi khanda. Mvula inawapeza kumtunda, mitsinje n'kudzaza, ndipo powoloka chakumtunda kwa chigwa cha Ruo madzi anamukokolola France osapulumuka. Kanyumba ka pa Chambe kaja mumati ka France, dzina lake linachokera pamenepo.

Gaidi wa pa Likhubula: Abale inu. Ndadutsa pamenepo kambirimbiri, ndimangoti mwina anamanga ndi anthu a ku France.

Achemwali a ku Joni: Kkkkk achimwene mwandiseketsa pa basi, anthu akundiyang'ana. Koma palinso ya mnyamata wa ku Brazil uja anasowa mu 2009 atapita yekha ku Sapitwa, n'kupezeka atamwalira patapita masabata. Mnzake anadzapanga filimu ya ulendo wakewo, inaonetsedwa ku Cannes mu 2017, ndipo anthu omwe anakumana naye enieniwo ndi amene anasewera mufilimumo. Ine ndinaionera kuno, phiri likuoneka mpaka ndinalira ndi kupukwa kumudzi.

Mayi a Pemphero a pa Chitakale: Dzina lokhalo likunena kale kuti sapitwa, iwe n'kupita wekha. Ife anatilera ndi malamulo a phiri. Ukapeza chakudya panjira, kaya nthochi zakupsa kaya nsima yotentha ndi ndiwo, udye wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatengeko zokadyera kunyumba. Ana a masiku ano amati ndi nthano, koma onani akusowa ndi ati.

Namwino wa ku Luchenza: Mayi a Pemphero, kuzizira kumapha. Pamwamba paja ndi mamita 3,002, chiperoni chikabwera suona ngakhale dzanja lako. Mizimu sindikuikana, koma munthu wovala kamalaya kamodzi usiku pamenepo sangafike m'mawa.

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Mwatchula chiperoni. Ndani akudziwa komwe dzinali linachokera? Osafufuza pa intaneti.

Wakabaza wa pa Limbuli: Limeneli ndayankha ine. Ndi phiri la ku Mozambique, Chiperone, kuseri kwa Milange uko. Mitambo imachokera mbali imeneyo. Ife oyenda malire timadziwa zinthu, musamationere pansi chifukwa cha njinga.

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Wakhoza mwana wanga. Za Tolkien zokha ndi zomwe unalakwa.

Namwino wa ku Luchenza: Chimene chimandiwawa ine n'choti tikulimbana ndi mzungu amene sanabwere n'komwe, pomwe za pakhomo pathu sitizidziwa. Funsani mwana aliyense wa fomu 4 pa Luchenza pano za malalanje a 1953, angokuyang'anani ngati mwayankhula Chitchaina. Inenso ndinazimva ndili wamkulu kale, kwa wodwala wina wachikulire amene sankagona usiku, timangocheza.

Mnyamata wa pa Bvumbwe: Malalanje atani anti? Ine ndi mmodzi wa ana a fomu 4 mukunenawo, ngakhale ndinalemba kalekale.

Namwino wa ku Luchenza: Mu Ogasiti 1953, mwezi womwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkayamba, pa esiteti ya ku Mangunda kufupi ndi kuno azungu anagwira anthu akuba malalanje. Mphekesera inayenda m'midzi kuti anthuwo aphedwa. Khamu linasonkhana, ndipo moto unayambira pomwepo n'kufalikira Thyolo yense mpaka maboma oyandikana nawo. Anthu ankagwetsa mitengo kutseka misewu, kudula mawaya a telefoni, othyola tiyi kunyanyala ntchito. Boma linachita kuitanitsa apolisi ochokera kunja kwa dziko. Pomwe zinkatha anthu 11 anali atafa.

Mnyamata wa pa Bvumbwe: Anthu 11 chifukwa cha malalanje? Zoona zimenezo?

Agogo a ku Thekerani, akulemba ndi mdzukulu: Agogo akuti ndikuuzeni kuti sanali malalanje, malalanje anali chabe kachitsotso ka machesi. Akuti udzu unali utauma kalekale. Bambo awo ankakhala pa malo a mzungu, ndipo kuti nyumba yako isagwetsedwe umayenera kugwira thangata, miyezi yomwe mvula yagwa, nthawi yomwe munda wako ukufuna khasu. Akuti mwana wamwamuna akakula n'kufuna kumanga nyumba pafupi ndi makolo ake, kapitawo amatha kukana. Ukalima chimanga chochuluka, mlandu. Ukadula mtengo wa phaso, mlandu. Akuti iwo anali kamtsikana, chomwe akukumbuka ndi kugona m'tchire masiku angapo, amayi awo atawatseka pakamwa ndi nsalu kuti asalire galimoto zikamadutsa.

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Mdzukulu, uwathokoze agogo, anena zomwe ife tinalephera kuphunzitsa bwino m'kalasi. Liwu loti thangata poyamba linali labwino, kuthandizana kumunda kwa mfumu kapena kwa mnansi. Eni maesiteti analitenga n'kulisandutsa lendi yolipira ndi thukuta. Ndipo Thyolo ndi kumene vutoli linakula koposa chifukwa malo ambiri achonde anali m'manja mwa makampani. Onjezerani malamulo a malimidwe, munthu kulipitsidwa chifukwa sanaunde mizere momwe alangizi afunira, ndiye pamwamba pake chitaganya chomwe anthu anachikana poyera. Thangata linadzatheratu mwalamulo mu 1962, patangotsala zaka 2 kuti tilandire ufulu.

Agogo a ku Thekerani, akulemba ndi mdzukulu: Akuti muwonjezere za chifwamba. Nthawi imeneyo anthu ankakhulupirira kuti alipo azungu ogwira anthu usiku n'kukawadya, ndiye atamva kuti ogwidwa aja sakuoneka, aliyense anangoti chifwamba chawatenga. Akuti munthu ukaona nyali za galimoto usiku umadziponya m'tiyi.

Namwino wa ku Luchenza: Pamenepo ndi pomwe ndimafuna tifike. Chifwamba cha 1953 ndi anamapopa a 2017 sindikuona kusiyana kwake. Zinayambira ku Mulanje konkuno mu Seputembala, n'kupita ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu anaphedwa popanda mlandu, a UN anachotsa antchito awo m'maboma ena. Ine ndinasiya kuyenda ndi makina oyezera BP m'chikwama, chifukwa achinyamata ena anandiimitsa pa msewu n'kuyamba kufunsa kuti kapaipi aka n'kachiyani. Anandipulumutsa ndi mayi wina yemwe ndinamuchiritsa mwana. Mpaka lero ndikadutsa pamalo pamenepo mtima umagunda.

Wakabaza wa pa Limbuli: Anti pepani kwambiri. Koma musaname, anthu ankadzuka ali ofooka. Msuweni wanga anaona kuwala padenga.

Namwino wa ku Luchenza: Achimwene, tinkawayeza anthu amenewo, magazi ali bwinobwino. Munthu wagona panja sabata yathunthu akulondera, akudya kamodzi, angadzuke ndi mphamvu? Komanso si koyamba. Kumapeto kwa 2002, nthawi ya a Muluzi, zinachitikanso m'maboma omwewa, chaka cha njala. Muziona nyengo zomwe mphekeserazi zimabwera.

Mayi a Pemphero a pa Chitakale: Tiyeni tisinthe, nkhani imeneyi inatidanitsa m'mudzi mwathu ndipo ena sitinayambe kupatsana moni mpaka pano.

Mkulu wa mpingo wa ku Makwasa: Ndikupatseni yozizira. Malamulo mishoni inayamba mu 1902, a Adventist atagula malo kwa a Seventh Day Baptist omwe ankawatcha Plainfield. Joseph Booth, yemwe uja anatenga John Chilembwe kupita naye ku America, anali m'kati mwa nkhaniyi. Chomwe ambiri sadziwa n'choti mmishonale woyamba kuyendetsa malowa, Thomas Branch, anali munthu wakuda wa ku America. Ana ambiri amaganiza kuti mmishonale aliyense anali mzungu.

Mnyamata wa pa Bvumbwe: Abambo, Chilembwe mwamutchulayo ndili ndi funso lopusa. Ife timangomva za Mbombwe ndi Magomero. Anafera kuti?

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Si lopusa. Kuukira kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo iye anawomberedwa pa 3 Febuluwale chakuno ku Mulanje, akuthawira ku Mozambique. Manda ake sanaikidwe chizindikiro, n'chifukwa chake akuluakulu ambiri ankakana kuti anafa. Gaidi wathu, imeneyo ndi ina ya alendo ako. Ukhoza kutulutsa K500 kapena K2000 m'thumba n'kuwaonetsa nkhope yake.

Gaidi wa pa Likhubula: K2000 m'thumba mwanga Aphunzitsi? Ndiziyamba ndawapempha iwowo kuti atulutse kkkk.

Achemwali a ku Joni: Ine ndikufuna za ife Alhomwe. Agogo anga ankakana kuyankhula Chilhomwe pagulu, ati anthu aziseka. Pano aliyense akufuna chitenje cha Mulhako n'kupita kwa Chonde mu Okutobala. Zinatembenuka bwanji?

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Mulhako ndi wa dzulodzuloli, nthawi ya a Bingu. Nkhondo ya dzina inayamba kale. Makolo athu ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo ndi iwo anadzaza maesiteti a tiyi. Ankatchedwa Anguru, dzina lomwe linasanduka chitonzo. Lewis Bandawe anayambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 n'kulimbana ndi boma la atsamunda mpaka linasiya kulemba dzina limenelo m'mapepala ake. Tchopa wathu a UNESCO anamulemba m'kaundula wawo mu 2014, ndipo phiri lenilenilo analilowetsa pa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025.

Wakabaza wa pa Limbuli: A UNESCO akulemba phiri pomwe mkungudza watha. Mtengo wa fuko lonse kuyambira 1984, lero kuti uwuone waukulu uchite kufunsira. Ndanyamulapo matabwa ake ine, sindibisa, fungo lake limakhala pa njinga sabata yonse.

Gaidi wa pa Likhubula: Aise pa gulu pano pali anthu a nkhalango, fufuta msanga. Koma ukunena zoona. Zitsa zokhazokha kumtunda, tikubzala mbande koma moto ukumatipsereza chaka ndi chaka.

Mayi a Pemphero a pa Chitakale: Za tiyi mwangodutsa. Ife tinabadwira m'malaini a pa esiteti, tinkaganiza kuti tiyi anamera yekha ngati udzu.

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Mbewu zinayambira ku Blantyre Mission, kenako Henry Brown, yemwe ankalima khofi ku Ceylon, anadzabzala ku Mulanje kuno mu 1891. Thyolo inatsatira pambuyo, Satemwa ndi ya 1923. Pa mapu a nthawi imeneyo mupeza Mlanje ndi Cholo, azungu lilime linkawakanika. Nsanje inali Port Herald, ndipo njanji yochokera kumeneko yodutsa pa Luchenza inafika ku Blantyre mu 1908.

Mnyamata wa pa Bvumbwe: Zonsezi ndi za m'kalasi. Bwanji za nyimbo? Thyolo inatulutsa ndani?

Mkulu wa mpingo wa ku Makwasa: Mwana iwe, ukufunsa zimenezo uli pa Bvumbwe? Allan Namoko! Munthu wosaona, banjo yopanga pamanja, ng'oma za zikopa, gulu lake Chimvu River Jazz Band. Liwu lija likatuluka pa wailesi ya MBC ngakhale amayi osinja ankaimitsa munsi. Ankasakaniza Chilhomwe ndi Chichewa nthawi yomwe ena ankachita nacho manyazi, monga anenera achemwali a ku Joni. Anamwalira mu 1995. Ine mkulu wa mpingo sindiyenera kunena izi, koma ndinavinapo, ndisanabatizidwe.

Achemwali a ku Joni: Abambo mwaulula nokha kkkkk. Chomvetsa chisoni n'choti oyimba athu amatchuka atatopa kale. Onani a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, anabadwa mu 1930, dziko lonse ladzawadziwa pa TikTok ali ndi zaka zoposa 90.

Mayi a Pemphero a pa Chitakale: Inu mukunena TikTok, ife tinakula opanda ngakhale kanema. TVM inayamba mu 1999, ine ndili ndi ana awiri kale. Zathu zinali Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi, mudzi wonse kuzungulira wailesi imodzi, mabatire atayanikidwa padzuwa masana kuti afike madzulo. Ndipo mtsikana sunkayerekeza kuvala buluku. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa buluku ndi siketi yaifupi kwa amayi, ndipo lamulo lina linaletsa abambo kusunga tsitsi lalitali. Alendo achizungu ankachita kugula chitenje pa chipata. Ine buluku langa loyamba ndinavala referendamu itadutsa, ndipo apongozi anga sanandiyankhule masiku atatu.

Mnyamata wa pa Bvumbwe: Ndinamvanso kuti panali nyimbo yachizungu yoletsedwa chifukwa cha dzina. Kapena imeneyinso ndi Tolkien wina?

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Imeneyo ndi yoona. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchula Cecilia sinkaloledwa, poti Mama Kadzamira dzina lawo ndi lomwelo ndipo mawu ake ankadandaula za chikondi chosokonekera. Tinkaopa ngakhale kuiyimba ndi mluzu. Ndiye taganizani anthu omwewo pa 14 Juni 1993 ataima pa mzere, kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Ine ndinali woyang'anira pa malo ena oponyera voti. Gogo wina anandinong'oneza kuti, mwananga, ndikaponya pa nyali Ngwazi sadziwa? Ndinamuuza kuti sadziwa, koma kunena zoona nanenso mawondo ankagundana.

Wakabaza wa pa Limbuli: Za mbendera bwanji? Ine ndili pa pulayimale tinajambula mbendera ziwiri zosiyana, aphunzitsi mpaka kusokonezeka.

Namwino wa ku Luchenza: Mwana wa kwathu ku Thyolo ameneyo. A Bingu anasintha mu 2010, kuchotsa dzuwa lotuluka n'kuika loyera lathunthu pakati, ati dziko latukuka, kwacha kale. Anamwalira pa 5 Epulo 2012, boma n'kudzalengeza pa 7, masiku awiri dziko lonse likungonong'onezana. Mwezi wotsatira aphungu anabwezeretsa mbendera yakale. Tsiku la maliro ku Ndata msewu wa ku Limbe sunkadutsika.

Mnyamata wa pa Bvumbwe: 2010 ine ndimaikumbuka ndi chinthu chimodzi basi. 11 Januwale, ku Luanda, Flames 3 Algeria 0. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka, Davi Banda. Kochi Kinnah Phiri. Algeria yomwe inkapita ku World Cup chaka chomwecho! Pa Bvumbwe amayi ogulitsa kabichi anasiya malonda n'kuyamba kuvina pamsewu. Tinatuluka m'gulu lomwelo osapitirira, koma zimenezo sitikamba.

Wakabaza wa pa Limbuli: Chigoli cha Gabadinho kwa Morocco mu 2022 chimaposa zonsezo. Mpira kuchokera kutali kuja, goloboyi kungotembenuka. Tinaluza 2 kwa 1 koma ine ndinanyamula anthu ulere mpaka pakati pa usiku.

Aphunzitsi opuma a ku Chisitu: Poti mwayamba kudzitama, mu 1962 Ghana inatimwetsa 12 kwa 0. Imeneyonso ndi mbiri.

Achemwali a ku Joni: Aphunzitsi inu lero mwatsimikiza kutikhumudwitsa tonse mmodzimmodzi.

Agogo a ku Thekerani, akulemba ndi mdzukulu: Agogo akuti akukagona, koma afunsa ngati gaidi uja akawauzedi alendo za malalanje. Akuti ngati akufuna, abwere kuno ndi foni yake adzajambule mawu awo, chifukwa anzawo onse omwe anagona nawo m'tchire anapita. Akuti abwere ndi shuga.

Gaidi wa pa Likhubula: Mdzukulu, uwauze agogo kuti Loweruka la mawa lino ayi, ndili ndi alendo anayi okwera Chambe, koma linalo ndibwera. Nditumizire ku inbox njira yake, ndikatsikira pati ndikachoka pa Thyolo boma. Aphunzitsi, ndilembereninso za France zija mwadongosolo ndi zaka zake, ndiziloweze usiku uno. Abambo a ku Makwasa, ngati muli ndi nyimbo za Namoko pa memori ndigawireni, ndikawayimbire pa moto kumtunda.

Mkulu wa mpingo wa ku Makwasa: Ndili nazo pa kaseti, wailesi yake inafa. Ukapeza wokonza pa Luchenza undiuze.

Wakabaza wa pa Limbuli: Ine ku Thekerani ndikuperekeza, mafuta ugula iwe. Koma za Tolkien sindinagonje. Wina anandionetsa mwala womwe anakhalapo.

Gaidi wa pa Likhubula: Aise, amene anakuonetsa mwala umenewo ndine.